Tsiku Limene Gombeza la a Vondrak Silinatuluke

Pa maliro a mkulu wa ozimitsa moto, bokosi likutsikira m'manda, a Bohuslav Vondrak anakweza lipenga lawo n'kuyamba nyimbo ya paukwati. Anaiimba bwino ndithu, mpaka phazi la mlamu wa malemu linayamba kugwedezeka lokha. Atamaliza anakhala pa nkhata ya maluwa n'kufunsa wansembe ngati basi ya ku Kolin yadutsa kale. Mnzawo woimba ng'oma ndiye anazindikira, n'kuwamwetsa madzi a shuga.

Umu ndi mmene matenda a shuga ankawachitira. Anayamba kudzibaya insulini ali pasukulu, ndipo pofika zaka makumi asanu thupi linali litasiya kuwachenjeza. Ena shuga akamatsika amanjenjemera, amatuluka thukuta. Iwo ankangozima ngati kandulo.

Munthuyo sanakwatirepo, choncho anapangana ndi Mayi Kubatova, amasiye a nyumba yoyang'anizana nayo. Kwathu kuno aliyense amayanika gombeza la nthenga pawindo m'mawa kuti lipitidwe mphepo. La a Vondrak likapanda kuoneka, mayiwo ankatenga kiyi, kuwoloka msewu ndi masilipasi, n'kukawatsitsimutsa. Kenako ankaphika khofi n'kukhala pansi kuti awakalipire bwinobwino.

"Tsiku lina ndidzakupezani mutauma gwa, Bambo Vondrak, ndipo ndi uve uli munowu ndidzachita manyazi kuitana anthu."

"Mudzayambe mwasesa, mayi. Ine sindidzathawa."

Ife a mumsewu muno, amene sitikonda miseche, tinkangodabwa kuti kapu imodzi ya khofi ingathe bwanji m'mawa wonse.

Kenaka madokotala a ku Prague anawaitana. Munthu wina anali atamwalira n'kusiya kapamba. Madokotalawo anachotsamo timaselo topanga insulini, timene iwo amati tizilumba, n'kutilowetsa m'chiwindi cha a Vondrak kudzera m'kapaipi kopyapyala. Anatero kawiri. Anawapatsanso mapiritsi akumwa moyo wawo wonse kuti thupi lisapirikitse alendowo. Insulini ankangobaya pang'ono chabe, ndipo kukomoka kunatheratu.

Anzawo a malipenga anasangalala. Wansembe anathokoza Mulungu pagulu. Gombeza linkatuluka m'mawa uliwonse, Mayi Kubatova n'kumangokweza dzanja ali pawindo lawo, basi n'kutseka katani. A Vondrak, munthu wochira, anayamba kuonda. Khofi ankamwa okha, choimirira, m'nyumba mopanda wowanyoza. Akakhala pa mowa ankadandaula kuti madokotala a masiku ano amangochiza munthu osamufunsa kuti matendawo ankamuthandiza chiyani.

"Ndiye ukawabwezere tizilumba tawoto," anatero woimba ng'oma uja. "Apo ayi pita ukagogode, nkhalamba iwe. Ndi patsidya pa msewu pomwepa, si ku Vienna."

"Ndikagogode ndikati chiyani? Ndikati ndili bwino?"

Lachiwiri lina gombeza silinatuluke. A Vondrak anameta ndevu, anavala malaya ogonera atsopano, anasesa ndi kuseri kwa chitseko komwe, n'kugona chagada pakama, dzanja limodzi lili lende, monga ankaganizira kuti ndi mmene ankaonekera akakomoka. Anamva kiyi pachitseko. Masilipasi analowa chothamanga, kenaka anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Mayi Kubatova ananunkhiza mafuta ometera, anayang'ana pansi posesedwa bwino, anaona makapu awiri otsukatsuka ali patebulo. Anawagwira chala, kuchibaya ndi kasingano mwamphamvu kuposa masiku onse, n'kuyang'ana pa kamakina koyezera shuga. A Vondrak anasuzumira ndi diso limodzi. Mayiwo anaika kamakinako patebulo n'kuwayang'ana.

"Bambo Vondrak, shuga wanu ali bwino kuposa wanga. Munthu wina anafa kuti inu muziimirira, ndiye dzukani. Ngati ndi khofi mukufuna, valani thalauza mubwere mudzagogode kwanga ngati mwamuna. Mukadzandithamangitsanso chonchi, ndidzakukomolani ndekha."