Mayi Agnesi Likoya ndi Chitseko cha Ana

Mwera unawomba tsiku lonse, nyanja ya Chilwa itachita thovu, ndipo palibe bwato limene linachoka padoko. N'chifukwa chake bambo a mwanayo anali pakhomo pamene ankabadwa, mu Juni 1937. Khandalo linali lofooka, losalira bwino, moti bambowo anathamangira kwa katekisiti kuti adzalibatize lisanatsirizike. Analitcha Agnesi. Silinafe. Linakhala zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.

Agnesi anakulira m'banja la asodzi osauka. Sukulu ankapita wopanda nsapato, atanyamula sileti m'kansalu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anali kale mlembi wa mudzi wonse. Amayi amene amuna awo anali ku migodi ya ku Joni ankabwera kudzakhala pakhonde, iye n'kumawalembera makalata. Yankho likabwera patatha miyezi, ankawawerengeranso. Atakula ankakonda kunena kuti uphunzitsi anauphunzira pakhonde pamenepo. "Kusukulu ndinkalembera cholembera chofiira cha aphunzitsi," ankatero. "Pakhonde ndinkalembera munthu amene akudikira. Ndi pamene ndinayamba kusamala mawu."

Masisitere anamuthandiza kuti akachite maphunziro a uphunzitsi. Mu 1960 anakwatiwa ndi a Makisoni Likoya, kalipentala amenenso pambuyo pake anadzapeza munda wa mpunga ku sikimu ya Likangala. A Likoya anali munthu wosayankhula, wosamvanso za ena akatsimikiza mtima. Mulungu anawapatsa ana asanu, n'kutengapo awiri adakali aang'ono. Woyamba anali Fanuelo, ndipo pakhomo ankaitanana ndi dzina lake.

Kwa zaka makumi atatu mayi Agnesi anaphunzitsa ana a m'mbali mwa nyanja. Lamulungu lililonse ankawerenga mawu a Mulungu m'tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo Loweruka ankachisesa. Kolona ankaichita poyenda, kuchokera kunyumba kukafika pachipata cha sukulu. Anapuma ntchito mu 1992.

Sanapume nthawi yaitali. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anakhamukira ku sukulu, ndipo aphunzitsi opuma anaitanidwanso. Mayi Agnesi anapatsidwa Sitandade 6, ana oposa zana limodzi, pansi pa mtengo wa mango. Makope anali osakwanira, ndipo ngakhale akanakwanira, munthu mmodzi sakanatha kuwachonga onse. Tsiku lina anapempha amuna awo chitseko chakale chimene chinali kuseri kwa nyumba. A Likoya anachipala, n'kukachikhomera pa mitengo iwiri kunja kwa mpanda wa sukulu, moyang'ana msewu wopita ku Kachulu. Sanafunse kuti n'chachiyani.

Pa chitseko chimenecho ana ankapachika zolemba zawo, pobaya ndi minga. Ankalemba kuseri kwa mapepala a mayeso akale ndi pa matumba a simenti odulidwa. Wina analemba za mmene amaumitsira matemba, wina za mbalame zodya mpunga, wina za agalu a ahedi. Mayi Agnesi ankangofuna kuti mwana alembe zimene waona ndi maso ake, aikepo dzina lake, ndipo pansi pake asiye mpata woti wowerenga ayankhe. Woyankhayo nayenso ankayenera kulemba dzina. Pa mapepala amenewa cholembera chofiira sichinkafikapo. Zolakwika ankazikonzera m'kalasi, pa bolodi, osatchula mwini wake.

"Mwana akamalembera kuchongedwa amaphunzira kuopa," ankauza aphunzitsi anzawo. "Akamalembera anthu amaphunzira kuganiza asanalembe. Nanga dzina la ubatizo amatipatsira chiyani, si kuti tiziyankha nalo?"

Ogula nsomba ankatsika panjinga kuti awerenge. Amayi osadziwa kuwerenga ankakoka mwana aliyense wodutsa kuti awawerengere. Lachisanu lililonse mapepala ankasinthidwa, kupatula pepala lokhala ndi funso limene silinayankhidwe. Limenelo linkatsala.

Kenaka kunabwera chilala cha 1995. Nyanja inaphwa mpaka anthu kumayenda pansi pamene kale pankadutsa mabwato. Zitsime zinauma. Mjigo wa patchalitchi ndi umene unkatulutsabe madzi, koma pang'onopang'ono, ndipo woukonza ukawonongeka anali a Likoya. Poopa kuti uthyoka ndi chigulu cha anthu, iwo anaikapo loko, kiyi n'kumasunga okha. Ankatsekula pa nthawi yake, ndipo oyamba kutunga ankakhala a mpingo.

Lolemba lina mu Okutobala, pa chitseko panapezeka pepala ili:

"Ine Nafisa Ayuba, Sitandade 6. Lachinayi ndinapita ndi ndowa ku mjigo wa kutchalitchi. Ndinapeza loko. A Likoya anali pomwepo, kiyi ali m'thumba. Anati madzi achepa, ayambe atunga a mpingo. Ndinakatunga pa chithaphwi cha mu mtsinje wa Likangala pamene pamamwa ng'ombe. Mng'ono wanga akutsekula m'mimba. Funso langa ndi lakuti, madzi a pansi amadziwa bwanji kuti uyu ndi wa mpingo?"

Nafisa anali mwana wa che Ayuba, msodzi wachisilamu. A Likoya anamva za pepalalo ali ku sikimu, kwa anthu amene ankawaseka. Anafika kunyumba masana, n'kupeza akazi awo akupeta mpunga.

"Mayi a Fanuelo, chitseko chija ndinakhoma ndine."

"Munakhoma bwino. Sichinagwedezekepo."

"Kachotseni pepala lija."

"Wanama mwanayo?"

A Likoya anayang'ana kumbali.

"Ngati wanama, kalembeni pansi pake kuti wanama, muikepo dzina lanu. Ngati sananame, kalembeninso. Mpata wakusiyirani waukulu, woposa mawu amene mumayankhula sabata yathunthu."

A Likoya sanaseke. Masiku asanu ndi anayi sanawayankhule akazi awo. Koma tsiku lachitatu anapita ku mjigo dzuwa lili paliwombo, pamene panalibe munthu, anachotsa loko uja n'kumuponya m'bokosi la zipangizo. Kwa iwo nkhani inathera pamenepo. Aliyense anayamba kutunga, mjigo sunathyoke, ndipo mng'ono wake wa Nafisa anachira.

Nkhaniyo sinathe. Poti loko kunalibe, anthu ena a mpingo anayamba kunena kuti sikunakhalepo loko chiyambire, mwanayo anangopeka kuti anyozetse Akhristu. Amene ankadziwa zoona anakhala chete, poona kuti mwini kiyi ali chete. Nafisa akafika ndi ndowa yake, amayi ena ankamulandira ndi chipongwe.

"Wafika mtolankhani! Loko wako uja ali kuti, iwe?"

"Mupatseni njira, angatilembe. Kalembe kuti lero madzi ndi onyowa."

Mtsikanayo analeka kulemba. M'kalasi anasamukira kumbuyo. Che Ayuba anabwera ku sukulu, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndinakupatsani mwana kuti aphunzire. Lero mudzi wonse ukumutcha wabodza. Inu simungalembepo kuti ananena zoona?"

"Che Ayuba, ndikanakonda. Koma ine sindinalipo pa mjigo tsiku limenelo. Ndikalemba zimene sindinaone, ndaphwanya zimene ndimawaphunzitsa. Amene anaona alipo, ndimamuphikira tsiku lililonse. Tiyeni timudikire."

Ahedi nawo anapempha kuti pepalalo lichoke, mtendere ubwerere. Mayi Agnesi anati adzamvera, bola lamulolo alilembe pansi pa pepalalo ndi dzina lawo. Ahedi anapukusa mutu n'kubwerera mu ofesi. Akuluakulu a tchalitchi anabwera kunyumba atatu, nati mayiwo akuchititsa manyazi mpingo pamaso pa akunja, ndipo ayambe apuma kuwerenga Lamulungu. A Likoya anali pakhonde pomwepo akunola tchizulo, ndipo sanatukule mutu. Mayi Agnesi anangoti, "Zikomo, ndamva." Lamulungu lotsatira anakhala pa benchi ya kumbuyo. Loweruka anapita ndi tsache lawo monga kale. Sanadandaule kwa bambo mfumu kapena kwa wina aliyense.

Mayi Agnesi sanawakalipire amuna awo, ndipo nkhaniyo sanaibweretsenso pa chakudya. Lachisanu lililonse akabwera kosintha mapepala ankangonena kuti, "Bambo a Fanuelo, mpata wanu udakalipo," n'kulowa kukhitchini. Dzuwa litayamba kufufuta zilembo za Nafisa, anaphimba pepalalo ndi pulasitiki ya shuga. A Likoya ankadutsa njira ina popita ku sikimu kuti asachione chitsekocho. Ankadziwa chimene anayenera kulemba. Ankaona ngati kuchotsa loko kunali kokwanira, ndipo munthu wa msinkhu wawo sangapepese mwana pamsewu.

Chaka chitatembenuka, miyendo ya mayi Agnesi inayamba kutupa, mpweya n'kumawathera. Kuchipatala ku Zomba anati ndi mtima, ndipo atawagoneka masabata awiri anawabweza kunyumba. Ana a m'kalasi mwawo ankabwera nawo mapepala kuti awaone asanakawapachike. Mu Malichi bambo mfumu anabwera pa njinga yamoto, anawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. Loweruka lotsatira m'mawa anapempha kuti awatulutse panja, pamphasa. Anaitana amuna awo.

"Pulasitiki ija pa pepala la Nafisa akuti yang'ambika. Mukaikepo ina, mvula idakalipo."

"Ndamva."

"Musakhome ndi msomali, mung'amba pepala. Minga ili m'chitini pawindo."

Awa ndiwo mawu omaliza amene anawauza. Masana amayi a mphakati wawo wa mpingo anabwera kudzachita nawo kolona. Mayi Agnesi ankayankha motsitsa, ndipo pofika pakati anasiya kuyankha. Anapita ngati munthu wogona, kolona ili m'manja.

Pamaliro panadzaza Akhristu ndi Asilamu, asodzi, ogulitsa nsomba, ndi anthu a imvi amene anawaphunzitsa kugwira pensulo. Che Ayuba anali m'gulu la okumba manda. Ambiri anayamika kuleza mtima kwawo ndi utumiki wawo pa tchalitchi. Chimene sichinanenedwe pamanda chiyenera kulembedwa pano, kuti mpingo uchidziwe. Mayi amenewa analola kuchotsedwa pa guwa lowerengera, analola kukhala m'nyumba yopanda mawu, koma sanalole kuti mwana wonena zoona afufutidwe. Sanachite zimenezi podana ndi mpingo kapena ndi amuna awo. Ankawakonda, n'chifukwa chake anawadikira miyezi isanu.

Lolemba m'mawa, ana ali pamzere, a Likoya anafika pa chitseko ndi pensulo ya ukalipentala. Anachotsa pulasitiki yong'ambikayo, ndipo mu mpata umene unali pansi pa funso analemba ndi zilembo zikuluzikulu:

"Nafisa sananame. Loko ndinaika ndine, ndinachotsanso ndine mobisa. Madzi sadziwa. Ndinalakwa. Makisoni Likoya."

Anaphimba pepalalo ndi pulasitiki yatsopano, anabaya minga inayi m'makona, n'kunyamula khasu lawo kupita ku sikimu.