Achimwene Agwa Pang'ono

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chilimwe chimene achimwene anga, a Fanuel, anayamba mpikisano wa njinga zamoto. Munali m'zaka za m'ma 1970. Tinkakhala ku Etobicoke, m'zipinda zapansi za nyumba ya eni ake, pafupi ndi bwalo la ndege, moti ndege ikamadutsa makapu ankanjenjemera pa shelefu. Tinalipo atatu: amayi, achimwene ndi ine. Bambo ndiwo anatibweretsa ku Canada pamene anadzaphunzira, koma atamaliza anabwerera kwathu kukafuna ntchito, nati adzatiitana. Makalata awo anayamba kuchepa, kenako anasiyiratu. Amayi ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku North York, ndipo Lamulungu lililonse, tikangotuluka m'tchalitchi, ankakwera basi kupita ku shifiti ya masana.

Achimwene anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankagwira ntchito pa galaja ya a Ron, mzungu wotsimphina wochokera ku England, amene anathamangapo mpikisano umenewu ali mnyamata. Masewerawo amawatcha sipidiwe. Njinga yake ilibe mabuleki, ndipo giya ndi imodzi yokha. Amanyamuka anthu anayi nthawi imodzi pabwalo ladothi looneka ngati dzira, n'kuzungulira kanayi, basi mpikisano watha. Pokhota sachepetsa liwiro. Amapendeketsa njinga, tayala lam'mbuyo n'kumatsetsereka cham'mbali, phazi lamanzere likukhwekhwereza pansi litavala nsapato yachitsulo.

Bwalolo linali kumafamu, ulendo wa ola limodzi pa galimoto ya a Ron. Amayi sankalola kuti ndizitsala ndekha m'nyumba, ndiye achimwene ankanditenga. Tinkawauza kuti tikupita kukakonza mathirakitala a alimi.

Ndisaname, ndinkakonda masewera amenewo, mwina kuposa achimwene amene. Malo anga anali pokhotera poyamba, pafupi ndi mpanda wamatabwa. Pamenepo njinga zikamadutsa zimakuwaza dothi ndi timiyala, ndipo ife odziwa tinkaphimba nkhope ndi pepala la mayina a opikisana, zikadutsa n'kulitsitsa. Ndinkabwerera kunyumba mano ali ndi mchenga. Kusukulu ndinali mwana wakuda wokhala kumbuyo, amene mphunzitsi ankaiwala dzina lake. Kubwalo kuja ndinali mlongo wa nambala seveni. Amayi ena achizungu ankandisungira malo, n'kumandipatsa mbatata zokazinga, ndipo achimwene akadutsa mnzawo pokhota ankandigwedeza phewa ngati ndapambana ndine.

Injini zake ankathiramo mafuta a nsatsi, ndipo fungo lake linkakakamira m'zovala. Tsiku lina amayi ananunkhiza juzi yanga asanaichape.

"Mathirakitala a kuno amamwa nsatsi?"

Ndinayang'ana achimwene. Iwo anapitiriza kupaka bata pa buledi, nati, "Akatsekeka m'mimba, amayi."

Amayi anaseka, nawamenya ndi juzi ija kumsana. Nkhani inathera pomwepo.

A Ron anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza Lamulungu lililonse tili m'njira. Popeza njinga ilibe mabuleki, mnzako akagwa kutsogolo kwako usayese kumuzemba. Uigonetse njinga yako pansi, ugwe dala, kuti usamuponde. Ankati wothamanga amene sadziwa kugwa dala asalowe m'bwalo.

Lamulungu lina kunatentha kwambiri, ndipo anathira madzi pabwalo kawiri kuti fumbi lichepe. Pa mpikisano wawo wachitatu achimwene ananyamuka bwino, ali achiwiri. Pokhota, pamaso panga penipeni, mnyamata amene anali patsogolo anaterereka n'kugwa. Achimwene anachita zimene anaphunzitsidwa. Ndinaona njinga yawo ikugona, iwo akutsetsereka chagada pa dothi, ndipo sanamukhudze mnyamata uja. Koma wachitatu, amene anali pambuyo pawo, anachedwa. Tayala lake lakutsogolo linawagunda m'nthiti, cha kumanzere.

Injini zonse zinazima. Ndinamva mwana wina akulirira ayisikirimu.

Kenako achimwene anadzuka. Anavula helemeti, nakweza dzanja, anthu n'kuwomba m'manja. Inenso ndinawomba. Anayenda okha mpaka pa ambulansi atagwira m'mbali, ndipo ndinakwera nawo. M'njira ankandiseka kuti nkhope yanga yadetsedwa ngati ya mwana wa makala.

"Iwe Esi," anatero, "amayi usakawaopseze. Wamva?"

Chipatala chinali chaching'ono, m'tauni ya pafupi ndi bwalo lija. Anawagoneka pa bedi kuseri kwa katani, nadula chovala chawo chachikopa ndi sizasi. Panalibe magazi paliponse. Koma milomo yawo inayamba kutuwa, thukuta likutuluka pamphumi, ndipo ankapempha madzi amene anamwino ankakana kuwapatsa. Dokotala anakankha pamimba pawo ndi zala, natuluka kukayankhula ndi a Ron motsitsa mawu. Patapita kanthawi namwino wina wamkulu anagwada kuti nkhope yake ifanane ndi yanga. Anati dokotala wa opaleshoni amuitana kunyumba kwake ndipo akubwera, koma ine ndiimbire amayi tsopano lino, ndiwauze kuti abwere.

Telefoni inali pakhoma, m'khonde. A Ron anaima pambali panga, makiyi a galimoto ali m'manja. Anati amayi akangovomera, iwo anyamuka kukawatenga, chifukwa Lamulungu kunalibe basi yofika kumeneko.

Ndili chiimire kudikira kuti awaitane amayi, ndinakumbukira mmene uthenga wa imfa ya agogo unafikira kwathu chaka cham'mbuyo. Anabwera mkulu wina wa kutchalitchi, wa ku Ntcheu. Anakhala pansi, namwa tiyi, nafunsa za sukulu yanga. Kenako anati kumudzi agogo sakupeza bwino. Patapita nthawi anati matenda akula. Mawu enieniwo anadzawatchula kumapeto, amayi atakhala kale pansi pa mkeka. Ndinadziwa kuyambira tsiku limenelo kuti kwathu munthu wamkulu sumugenda ndi uthenga woipa. Umamufikitsa pang'onopang'ono. Koma panalinso china, ndipo ndichinene. Ndinkaopa. Amayi akanabwera nthawi yomweyo akanapeza chikopa chija pansi, nsapato yachitsulo, ndi bodza lathu lonse la mathirakitala.

"Esinati? Kwagwanji? Ndikudyetsa anthu kuno."

"Achimwene agwa pang'ono."

"Agwa pati?"

"Pa njinga."

Ndinkamva mbale zikugundana kumbali yawo.

"Njinga yanji?"

"Ya a Ron. Tili kuchipatala. Koma anadzuka okha, akuyankhula bwinobwino."

"Tamvera, mwana iwe. Tatsala awiri okha pano, ndipo ndikachoka mnzanga atsala yekha ndi nkhalamba zonsezi. Ndibwere pompano? Undiuze zoona."

Kunali kutatsala maola atatu kuti aweruke.

"Ayi, amayi. Malizani ntchito. Ali bwino."

Anapumira m'mwamba. Anati achimwene akonzekere kudzawafotokozera bwino za thirakitala ya matayala awiri. Anadula.

A Ron sankamva Chichewa. Anandifunsa ngati anyamuke. Ndinawayankha kuti amayi ati abwera akaweruka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nayang'ananso telefoni, koma anabweza makiyi m'thumba. Ankaganiza kuti ndi mmene ife timachitira.

Nditabwerera kuseri kwa katani, achimwene anafunsa zimene ndawauza amayi. Ndinawafotokozera.

"Wachita bwino," anatero. "Ndiwe loya wanga."

Ndinakhala pa mpando n'kumawapukuta thukuta ndi mpango wa namwino. Dokotala wa opaleshoni ankachedwa. Dzanja la achimwene linayamba kuzizira ngakhale kunja kunali kotentha, ndipo nthabwala zinatha. Ankangoyang'ana kudenga. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, mwina ola, pamene anatembenuza mutu.

"Esi. Kawaimbirenso amayi."

Sanandiyang'ane ngati achimwene aakulu. Anandiyang'ana ngati mwana.

Ndinathamanga. Ulendo uno amayi atafika pa telefoni mawu anandikanika, ndinangolira. Sanafunse kanthu. Anangoti, "Ndikubwera." A Ron anatuluka akutsimphina mothamanga, ndipo ndinamva galimoto yawo ikunyamuka. Ola limodzi kupita, ola limodzi kubwera.

Achimwene anafunsa kawiri ngati amayi afika. Kawiri konse ndinati ali pafupi. Kenako anabwera anthu ovala zobiriwira, nakankha bedi lija kulowa pa chitseko chimene ine sanandilole kudutsa. Ndinatsala ndi nsapato yachitsulo ija pamiyendo. Pambuyo pake anatiuza kuti kapamba anaphulika, magazi ankatayikira m'kati nthawi yonse ija, kuyambira pamene ankatikwezera dzanja pabwalo.

Amayi anafika dzuwa lisanalowe, akadali mu yunifolomu, pachifuwa pali dontho la phala la nkhalamba ina. Achimwene anali atamwalira pafupifupi theka la ola m'mbuyomo. Dokotala anawauza amayi ali chiimire m'khonde, m'Chingerezi, mawu ochepa. Amayi anavula nsapato, nakhala pansi pa simenti, nayamba kulira maliro mmene timalirira kwathu, kutchula dzina la mwana wawo ndi la amayi awo. Namwino wina anabwera kudzapempha kuti achepetse mawu chifukwa cha odwala ena. A Ron anamuuza kuti achoke.

Achimwene tinawaika m'manda a pafupi ndi msewu waukulu, pamene phokoso la malole silitha. Amalawi tinalipo ochepa masiku amenewo. Anabwera onse, ndi mabanja awiri a ku Zambia, ndiponso anyamata a kubwalo kuja, kuphatikizapo amene anagwa patsogolo ndi amene anawagunda. Anaima kumbuyo, manja ali kutsogolo, osadziwa nyimbo zathu.

Ndinkadikira chikwapu. Ndinkachifuna. Amayi sanandimenye, sanandikalipire, ndipo za mathirakitala sanazitchule n'komwe. Patatha masabata awiri, tikupinda zovala za achimwene kuti tikapereke kutchalitchi, anayankhula osandiyang'ana.

"Ndinakufunsa, Esinati."

"Inde, amayi."

"Anandiitana?"

Ndinaganiza zonamanso, kuti ndiwapepuze. Koma ndinati, "Kawiri."

Anagwedeza mutu, napinda shati ina. "Kumuchiritsa sindikanatha. Koma ndikanamugwira dzanja."

Sanabwerezenso nkhani imeneyi mpaka imfa yawo.

Sukulu sinalowenso m'mutu mwanga. Ndinasiya msinkhu utangondilola, n'kuyamba kuchapa nsalu m'nyumba ya okalamba, kenako kusamalira okalambawo monga amayi. Ntchito imeneyo ndaigwira moyo wanga wonse.

Bwalo lija kulibenso. Ndinadutsako zaka zapitazo ndi mwana wanga wamkazi, ndipo tinapeza nyumba zosungira katundu ndi malo oimikapo malole. Sipidiwe ya masiku ano ndimaionera pa foni, ya ku Ulaya, mdzukulu wanga anandisonyeza pofinya. Njinga zake zikadalibe mabuleki. Koma mpanda suli wamatabwa, amaikapo matumba a mpweya, ndipo munthu akagwa madokotala amamufikira asanadzuke n'komwe. Anzanga a kutchalitchi amadabwa kuti ndimatha bwanji kuonera chinthu chimene chinandiphera mlongo wanga. Anayi aja akamalowa pokhota koyamba, mtima wanga umadumphabe ngati kale. Chimene sindichita ndi kuwomba m'manja munthu wogwa akadzuka n'kukweza dzanja.

Kuntchito, wokalamba akayamba kupuma ngati munthu wotsala pang'ono kumwalira, anamwino ankakonda kundituma ine kuti ndiimbire abale ake. Ankati sindizungulira. Amayi anga atafika pamenepo chaka chathachi, ndinaimbira mwana wanga, amene amakhala kutali, kumadzulo kwa dziko lino. Ndinati, "Agogo ako akumwalira. Nyamuka lero." Mayi wina wa kwathu amene anali nane m'chipindamo anandidzudzula pambuyo pake, kuti mawu otero sitiyankhula, ndakhalitsa kwa azungu. Sindinakangane naye. Mwana wanga anafika m'mawa mwake, ndipo anawapeza akadali moyo.

Mwambo wathu uja sindiunyoza. Mkulu wa ku Ntcheu uja anachita bwino kumwa tiyi wake pang'onopang'ono, chifukwa agogo anali ataikidwa kale, panalibenso chothamangira. Ine ndinatengera mawu ake osadziwa nthawi yake, ndipo mantha anga anabisala m'kati mwa ulemuwo. Zinanditengera zaka zambiri kuti ndisiyanitse ziwirizi. Uthenga wa munthu amene wapita kale ungathe kuyenda pang'onopang'ono. Koma munthu akadapuma, maola amene atsalawo ndi ake ndi a amene amamukonda, si a wonyamula uthenga. Tsiku lija amayi anali ndi maola okwanira kufika pa bedi la mwana wawo, ndipo anandifunsa. Ine ndinawauza kuti amalize ntchito.