Ndinkadina ndekha malonda anga

Ndimagulitsa mtedza ku Chisepo. Alamu anga a ku Lilongwe anandilipirira zotsatsa malonda pa intaneti, kuti wofufuza mtedza wa ku Dowa aziyamba kuona dzina langa. Anandichenjeza kuti munthu akangodina dzinalo ndi chala pafoni, ndalama zawozo zimachoka.

Koma dzina langa pafoni linkandikomera. Ndinkadina podzuka, ndinkadina kumunda, mpaka ndinaonetsa amayi onse a kwaya, nawonso n'kudina.

Sabata isanathe, alamu anaimba. "Ndalama zatha, alamu. Koma odina onse ali ku Chisepo konko!"

"Mwina ndi ansanje," ndinanama.

Anangoseka, n'kulipiranso osandifunsa zambiri. Mwezi womwewo mayi wina wopanga chiponde anandipeza pa intanetipo n'kugula matumba onse. Alamu, wodina uja ndinali ine. Zikomo posandichititsa manyazi.