Galimoto yofiira ya Kareem

Elson Ndau anayendetsa lole zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kunyamula kachewere ndi kabichi kuchoka ku Biriwiri kupita ku Blantyre. Msana utayamba kuvuta, anamanga kashedi ka malata m'mbali mwa msewu n'kuyamba kukonza galimoto. Anthu ankamudziwa kuti ndi munthu wosakhulupirira msanga. Oyilo wa m'botolo lomata ankayamba wamununkhiza kaye. Dalaivala akanena kuti galimoto yangozima yokha, Elson ankafunsa kuti, "Inuyo munali mutaichita chiyani?"

Tsiku lina m'mawa kunabwera Kareem, mwana wa Che Sumani a golosale ku Sharpevale, ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yofupika moti pa mahampu inkachita kukwera cham'mbali. Mipando yake inali idakali m'mapulasitiki.

"Yatsopano iyi, bambo Ndau, yachokera ku Joni pa lole mpaka pano," anatero Kareem. "Akuti makilomita 1,500 oyamba iyende mofatsa kuti injini izolowere. Koma ine phazi langa ndikulidziwa. Mundiyendetsere inu."

Elson anavomera. Kwa masabata awiri ankanyamuka m'mawa, kutsika mpaka ku Boma, nthawi zina kupitirira mpaka ku Balaka, n'kubwerera. Singano yosonyeza kuzungulira kwa injini sankailola kudutsa pa 4. Sankakhalitsa pa liwiro limodzi, magiya ankasintha pafupipafupi, mabuleki ankaponda pang'onopang'ono. Maminibasi ankamupitirira akuimba hutala. Amayi ogulitsa tomato anayamba kunong'onezana kuti mkuluyu akuzembetsa katundu wa ku Mozambique, apo ayi munthu angamangoyenda uku ndi uku opanda komwe akupita? Mkazi wake Eliness anazimva kutchalitchi ndipo anabwera nazo kunyumba nkhope ili gwa.

Koma Elson mtima unali kwina. Galimotoyo sinkamveka ngati yatsopano. Kilatchi inkagwira phazi litakwera kale m'mwamba. Giya yachitatu inkalowa mosavuta kwambiri, ngati chitseko cha nyumba yakale. Injini yatsopano imakhala youma pang'ono, koma iyi inkangozungulira momasuka.

Atakwanitsa makilomita 1,000 analowa pansi pa galimotoyo kuti akhetse oyilo. Bawuti yokhetsera inali ndi zipsera za sipanala, osati chimodzi. Anathira oyiloyo pang'ono m'mbale yoyera n'kuyang'ana padzuwa, kufuna tizitsulo tonyezimira timene injini yatsopano imataya. Sanaone kanthu.

Anaimbira Kareem, yemwe anafika masana ndi bambo ake.

"Galimoto iyi inayendapo kale, ndipo inayenda kwambiri," anatero Elson.

Kareem anaseka, kenako anasiya. "Nambala ya makilomita inali pa 12 pamene ndimakupatsani. Masabata awiri muli nayo nokha. Ndidziwa bwanji kuti simunachotsemo zatsopano n'kuikamo zakale?"

Pa zaka zonse zimene Elson ananyamula katundu wa eni ake, palibe anamunenapo kuba. Anapukuta manja pa ovolosi n'kutembenukira kwa Che Sumani.

"Bambo, kilatchi ya galimoto ngati iyi ndikaipeza kuti ku Biriwiri kuno? Nanga yatsopanoyo ndikagulitsa kwa ndani, wa ngolo?"

Che Sumani ankayang'ana makanikoyo, n'kuyang'ana mwana wawo, ngati sakudziwa kuti wonama ndi uti. Kenako anati, "Tsegulani tione tonse, pompano."

Anayang'ana kwa maola awiri. Kareem anaima pambali pa Elson, maso ali pa manja ake. Matayala analidi atsopano, batire yatsopano. Koma Elson atachotsa chivindikiro cha bokosi la sefa ya mpweya, kunsi kwake kunali kapepala komata, kolembedwa pamanja ndi galaja ina ya ku Joni: tsiku la chaka chathachi, ndi makilomita 41,300.

Kareem anakawerenga kawiri. Anapita kuseri kwa shedi kukaimbira munthu amene anamugulitsa galimotoyo. Foni inaitana, osayankhidwa. Ataimbanso anapeza yazimitsidwa. Atabwerera anangofunsa chapansipansi ngati makilomita 500 otsalawo anali ofunikabe.

"Otsala ati? Injini iyi inazolowera kalekale kwa mwini wake woyamba. Koma kilatchiyi musaidalire, mvula isanagwe idzakhala itatha."

Kareem sanapepese. Che Sumani ndi amene anatumiza thumba la mpunga sabata yotsatira, opanda uthenga uliwonse. Kilatchi inafa mu Okutobala pa chitunda cha ku Kasinje, ndipo galimotoyo inabwera ku Biriwiri yokokedwa ndi lole ya chimanga. Kareem anabweretsa yekha kilatchi ina kuchokera ku Lilongwe, n'kukhala pa tayala lakutha tsiku lonse kuonerera ntchito. Elson anatsegula bokosilo pamaso pake, anaitembenuza kilatchiyo kangapo, n'kufunsa kuti anaigula pa shopu iti.