Nyumba ya Mafumu Yopanda Mfumu

Kwathu ku Zomba aliyense amadziwa kuti agogo athu aamuna anali khukhi ku nyumba ya bwanamkubwa, nthawi ya atsamunda. Anaphikira abwanamkubwa angapo. Wina ankabwera n'kuwonjezera khonde, wina n'kugwetsa khola la akavalo, wina n'kudzala mitengo yakwawo, koma onsewo ankadya za m'manja mwa agogo. Ndiye m'bale akagwa m'mavuto, nkhani inkalowera kukhitchini. Agogo ankadikira tsiku loti bwana wakhuta bwino, n'kugwada pafupi ndi tebulo, n'kupempha. Akuti mng'ono wawo anatuluka m'ndende mwa njira imeneyi. Tonse tinakula tikumva zoti ukakhala ndi munthu wako m'nyumba ya wolamula, mlandu sukuvuta.

Ine ndili ku Doha, ndine mlonda. Kampani inandiika pa nyumba yakale ya mafumu a dziko lino, cha ku Ras Abu Aboud. Ndi nyumba ya miyala ndi dothi, zitseko zake zosema bwino. Mafumu anakhalamo kalekale, kenako anasamukira ku nyumba ina yaikulu, iyi n'kusanduka malo oonetserako zakale. Ntchito yanga ndi kuuza alendo kuti asagwire makoma, komanso kutsitsa ana amene akwera posayenera. Zimenezi ndinazifotokoza kumudzi mpaka kukamwa kuuma. Iwo anangotolapo mawu awiri, nyumba ndi mafumu, basi.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, nayenso anali kuno, akuyendetsa galimoto ya kampani ina. Tsiku lina anagundana ndi galimoto inzake, munthu wina n'kuvulala kwambiri, ndipo anamutsekera podikira mlandu. Ndinayenda momwe ndikanathera. Masiku anga opuma ankathera pabenchi ya kupolisi, ndili ndi mnzanga wa ku Sudan amene timagona chipinda chimodzi ku Al Asmakh, kuti azindimasulira Chiarabu. Yankho linali limodzimodzi, loti tidikire khoti.

Mlongo wanga sanafune kumva zimenezo. Ankaimba foni tsiku ndi tsiku.

"Achimwene, mwawauza?"

"Ndiuze ndani, chemwali?"

"Amfumuwo. Si inu mumaima pakhomo pawo? Ngati mukuopa, yambani mwauza khukhi."

Ndinatsala pang'ono kumenyetsa foniyo pansi. Khukhi wake uti? Miphika ya m'nyumba imeneyi ili kuseri kwa galasi, ndipo inaona moto komaliza ine ndisanabadwe. Amalume nawo anaimba kudzanditsuka. Akuti yunifomu yandipatsa matama, agogo awuka m'manda akamva kuti mdzukulu wawo akukanika kugwadira bwana chifukwa cha m'bale. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa kugwadako ine ndikanagwada, ngakhale kugubuduzika kumene. Wogwadira ndiye panalibe.

Nditatopa nazo, masana ena ndinadikira kuti alendo achepe, n'kumuimbira mlongo wangayo pavidiyo, ngakhale foni ndi yoletsedwa pantchito. Thukuta linali kamukamu.

"Taonani nokha, chemwali," ndinatero. "Iyi ndi majilisi, pomwe amfumu ankalandirira anthu. Mafi munthu, mulibe aliyense. Umu ankagonamo. Umunso mulibe. Ndi museum iyi, amabwera ndi matourist okhaokha. Anasamuka kalekale, khalas, zinatha! Kumene amakhala panopa ngakhale pageti sindingayandikire."

Ndinamuyendetsa chipinda ndi chipinda, ndikukweza mawu ngati ndikukalipira mwana. Ndinamuonetsa mphasa zopanda wokhalapo, chitsime chouma, chingwe chofiira chotchinga pakhomo. Ndinkafuna akwiye, anditukwane, bola amvetse.

Sanakwiye. Anangokhala akuyang'ana makoma aja. Kumbuyo kwake ndinkamva ana ake akusewera pabwalo, wamng'onoyo akuseka.

"Ndiye mulibedi munthu," anatero motsitsa mawu.

"Mulibe."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake, n'kucheukira kumene kunali anawo.

"Achimwene, ine ndinawauza kale kuti amalume awo alankhula ndi amfumu, bambo awo adzadya nawo Idi. Ngakhale zovala za Idiyo ndinawasoketsera kale. Dikirani ndiwaitane, muwauze nokha."