Amayi Ako Sanali Achibwibwi

Amayi atamwalira tinakawaika kwawo ku Chidzolomondo, ife n'kubwerera ku Tsangano kumene ababa anamanga titachoka ku Malawi. Patatha zaka ziwiri atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anaimba foni kunena kuti chiliza chimangidwa anthu akatha kukumba kachewere. Anali ndi pempho limodzi kwa ine. Anamva kuti ndili ndi vidiyo ya amayi akutsogolera nyimbo m'tchalitchi pa Pasaka wawo womaliza, ndipo anafuna kuti pa tsiku la chiliza abale akaione, poti ambiri kumeneko anali asanawamvenso akuimba chikwatiwireni. Ndinavomera pomwepo mwamatama. Ine pakamwa pamatsogola nthawi zonse, nzeru n'kumalondola m'mbuyo.

Vidiyoyo anajambula ndi mlendo wina wochokera ku Joni amene anali ndi kamera yapamwamba, n'kundisiyira pa fulashi. Inali ya mapemphero onse, ndipo nyimbo ya amayi inali pakati penipeni. Ntchito yanga inali kudula mbali imeneyo n'kuilumikiza ndi tizithunzi tawo tochepa tomwe tili nato. Chiikireni maliro ndinali ndisanalimbe mtima kuitsegula.

Kompyuta ndinali nayo. Ababa anandigulira nditangoyamba kuphunzitsa pa shikola ya ana aang'ono. Anakwera lole ya kachewere mpaka ku Tete, n'kulowa m'loja, sitolo ya makompyuta, n'kuloza yotsika mtengo kuposa zonse: kabokosi kakuda kopyapyala, kobwera komangamanga kale. Polemba mayeso a ana ndi makalata a mpingo sinandigwiritsepo fuwa la moto. Koma vidiyo ya mlendo uja inailemera. Amayi ankati akayasama, chithunzi chimauma, mawu n'kumapita okha. Kenako mawuwo amadukaduka, liwu limodzi kubwerezedwa katatu, kanayi. Ndikati ndidule, pulogalamu yodulira imangodzitsekera yokha.

Ababa anandipeza ndikulimbana nayo. Iwo anali a besi m'kwaya yomweyo. Amayi akayambitsa nyimbo, iwo ndi amuna anzawo amavomera. Kuyambira tsiku la maliro sanaimbenso. M'tchalitchi ankangogwira buku lotseka. Anaima kumbuyo kwanga kanthawi, kuyang'ana mkazi wawo akukakamira pa liwu limodzi.

"Amayi ako sanali achibwibwi," anatero. "Zimenezi usakaonetse anthu."

Mawuwo anandilasa, chifukwa anali oona.

Ndinakafunsa mphunzitsi mnzanga wa ku sekondale amene amadziwa za makompyuta. Anati vuto lili pawiri. Memoriya, malo amene kompyuta imayalapo ntchito yomwe ikugwira pa nthawiyo, inali yochepa. Anati ndiwonjezere kathabwa kena ka mtundu womwewo, ndipo mtunduwo anandilembera papepala. Chachiwiri, pankafunika pulaka ya vidiyo, yoti izisenza yokha katundu wa zithunzi. Anandichenjeza kuti ikhale yaing'ono, yosafuna chingwe chakechake cha magetsi, poti makompyuta otchipa mphamvu yawo ndi yongokwanira. Ndipo anati ndiyeze kaye malo, ndisagule chinthu chosalowa.

Zonse ziwirizi zimalowa m'kati. Ndiye pamene panagona nkhani. Kumbuyo kwa bokosilo, pamene chivundikiro chimakumana ndi thupi, panali kapepala konyezimira komatidwa ndi a loja, ka garantiya. Kutsegula kunali kukang'amba.

Munthu amene sanakhalepo mu kampu ya othawa nkhondo sangamvetse ababa pa nkhani ya mapepala. Ku Malawi, pa nthawi ya nkhondo, chakudya chinkabwera ndi khadi lodindidwa. Chaka china mvula inalowa m'chisakasa chathu, chidindo cha pa khadi lathu n'kufufutika, ndipo tinakhala masiku ambiri osalandira ufa mpaka nkhani itakonzedwa. Ine ndinali wakhanda, koma nkhaniyo ndinakula nayo. Ku kampu komweko ababa anaphunzira kusula malata, kupanga ndowa, mbaula ndi koloboyi kuchokera ku zitini za mafuta ophikira. Chinthu choyamba chimene anadzipangira chinali kabokosi kothina bwino kosungiramo mapepala. Kalipo mpaka lero. Muli khadi lija, mapepala obwererera kwathu, makadi a ubatizo, ngakhale risiti ya njinga imene inatha ine ndisanayambe kuwerenga. Kwa iwo chilichonse chomatidwa kapena chodindidwa ndi cholemekezeka.

Nditawauza kuti pakufunika zida ziwiri, anafunsa kuti zimalowa pati. Ndinati, "Cha kumbuyoku." Iwo anaganiza kuti zimasomekedwa kunja monga fulashi, ine osawongola. Limenelo linali bodza, ngakhale ndinalivalika bwino.

Nanga kuyeza malo osatsegula? Ndinachita monga ankachitira amayi potigulira nsapato. Iwo ankadula kabango kofanana ndi phazi la mwana, n'kupatsira aliyense wopita kumsika. Nanenso ndinadula kabango, kuyeza bokosilo kunja kuchokera kumbuyo kufika chapakati, n'kuchotsako zala ziwiri poopa zosaoneka. Ndinakapereka kwa msuweni wanga, bambo wa ana anayi amene amayendetsa lole ya kachewere kupita ku Tete, pamodzi ndi kapepala ka mphunzitsi uja.

"Mkazi wanga," anatero mwa nthabwala za chisuweni akulitembenuza bangolo, "ndiye ndikalowe m'loja ya makompyuta ndi chimenechi? Akandiyesa msing'anga."

"Ndi nkhope imeneyo akuyesani msing'anga ngakhale popanda bango. Musakalithyole."

Anabwera patatha masiku atatu. Memoriya inali yatsopano m'kapulasitiki kake. Pulaka inali yogwirapo kale ntchito, yokulungidwa m'nyuzipepala, bango langa atalimangirira pambali ndi mphira. Anati mwini loja anaseka mpaka kuitana anzake, koma anayeza ndithu. Chiliza chinali chitatsala sabata imodzi.

M'mawa mwake ndinaika kompyuta patebulo n'kutenga shavi yomasulira. Ababa anali pakhomo akumanga nsapato.

"Shaviyo ndi ya chiyani?"

"Ndikutsegula, ababa. Zidazi zimalowa m'kati."

"Pali chidindo pamenepo."

"Garantiya yake inali ya chaka chimodzi. Inatha kalekale."

"Chidindo sichitha. Amene anachiika anali ndi chifukwa chake. Ndiponso iwe unati zimalowa kumbuyo."

Manyazi ogwidwa bodza anasanduka ukali, monga zimandichitikira. "Nkhondo inatha, ababa," ndinatero. "Palibe amene akubwera kudzatimana ufa chifukwa cha kapepala aka."

Anamaliza kumanga nsapato, n'kutenga khasu, ulendo wa kudimba. Ndikanatha kutsegula pomwepo, panalibe wondigwira dzanja. Koma ndinakhala ndi shavi m'manja mpaka tiyi kuzizira, kenako ndinaibweza m'dirowa. Ndinali nditaseka njala ya anthu amene anandisunga wamoyo m'njalamo. Tsiku lonse ku shikola ndinali wolusa, ndipo ana osalakwa anamva nawo.

Kutacha, Loweruka, kunja kukuzizira monga kumachitira kuno, ababa analowa ndi thumba lawo la zida za malata lomwe linali litakhala zaka pa denga. Anaika mbaula pafupi, n'kutenthetsa supuni pang'ono, kuiyesa kaye pa tsaya ngati sikuotcha. Anaidinikiza pa kapepala kaja, n'kulowetsa lezala pakona, kunyamula pang'ono, kutenthetsanso, kunyamulanso. Ine ndinkangoyang'ana. Manja amenewo masiku ano amanjenjemera akagwira kapu, koma pamenepo anali phee. Patapita nthawi yaitali kapepalako kanachoka kathunthu, kosang'ambika ngakhale pang'ono. Anakamata pa kachidutswa ka pepala loyera, n'kukaika m'kabokosi kawo, pamwamba pa khadi la ufa.

"Tsopano tsegula," anatero. "Sitinang'ambe kanthu."

Ndinafuna kupepesa, koma anandidula ndi dzanja kuti ntchito iyambe. Ndinazula zingwe zonse, kumasula, n'kuchotsa chivundikiro. Ababa anasuzumira m'kati, n'kugwedeza mutu.

"Kani ndinagula bokosi la mphepo? Kachewere yense ndinagulitsa uja."

M'katimo munalidi malo ambiri opanda kanthu, ndi fumbi la zaka zitatu limene tinalichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Ndinagwira kaye chitsulo cha bokosi monga anandilangizira mnzanga uja, kuti mphamvu ya m'thupi isaononge zida. Memoriya inali ndi kampata kumunsi koyenera kulunjika pa kachitunda ka m'malo mwake. Ndinailunjikitsa, koma kukanikiza ndinkaopa.

"Ukusisita mwana kodi? Kanikiza."

Ndinakanikiza mbali zonse ziwiri, timano tam'mbali n'kutseka tokha. Chimodzi chinatheka.

Pulaka ndiye inavuta. M'litali inakwana bwinobwino, bango silinaname. Koma kumapeto kwake kunali kachitsulo kogwirizira ku khoma la kumbuyo, ndipo kachitsuloko kanali kotalika kuposa bokosi lathu lopyapyala ndi zala zitatu. Kanapangidwira mabokosi aakulu. Pulaka sinkakhala pansi, chivundikiro sichikanatseka. Kuibweza ku Tete kunali kudikira ulendo wina wa lole, ndipo sindinkadziwa ngati kumeneko kuli ina. Ndinakhala pampando, misozi ili pafupi, ndikuona kale nkhope ya atsibweni.

Ababa anatola bango lija, n'kuliyang'ana.

"Unatumiza limodzi?"

"Limodzi."

"Amayi ako kwa iwe ankatumiza awiri, la m'litali ndi la m'lifupi. Unali ndi phazi la bakha."

Ndinaseka misozi ikutsika. Iwo anali atayamba kale kuyang'ana kachitsulo kaja. Anafunsa ngati kali ndi magetsi m'kati mwake. Ndinati ayi, n'kongogwirizira. Anati ndiye ndi lata chabe, ndipo lata saliopa. Ndinamasula kachitsuloko ku pulaka. Iwo anachotsa kachitsulo kafupi kotseka mpata kumbuyo kwa bokosi, kuti kakhale muyeso, n'kugoneka tiwiri tonse pamodzi, kulemba mzere ndi msomali. Anatuluka nazo panja kuti tizidutswa ta chitsulo tisagwere m'kompyuta. Ndinawatsatira n'kuima pakhonde.

Anadula ndi sizasi yawo yaikulu ya malata kamodzi kokha. Anagoneka kachitsuloko pa chidutswa cha njanji chimene akhala nacho kuyambira ku kampu, n'kupinda nsonga ndi kahamala, kugogoda modekha ngati akugogoda pakhomo la mwini. Anayesa pa muyeso, kugogodanso kawiri, kuboola polowa parafuzu, kamsomali kopota kaja, n'kupala m'mbali mpaka poti chala chidutse osachekeka. Anapukuta ndi malaya awo n'kundipatsa.

Ndinamangirira kachitsuloko ku pulaka, n'kuilowetsa. Inakhala pansi bwinobwino. Bowo la ababa linakumana ndi bowo la fakitale ngati anapangana. Chivundikiro chinatseka. Sindibisa, mtima wanga unadzaza. Ndinanyada ndi mdala ameneyu, amene sanaponde m'kalasi kupitirira zaka ziwiri, kuposa mmene ndinanyadira tsiku lolandira pepala langa la uphunzitsi.

Titayatsa, galasi la kompyuta linangokhala bii. Kenako ndinaona kuti chingwe cha galasilo ndachisomeka pa bowo lakale m'malo mwa pa pulaka yatsopano. Ababa anati aphunzitsi a masiku ano ndi omvetsa chisoni. Nditasintha, kunawala. Panatsala kukopera pulogalamu yoyendetsa pulakayo kudzera pa foni, ndipo netiweki ya tsiku limenelo inkayenda ngati ng'ombe yokhuta. Dzuwa linafika pamutu tikudikira. Ababa sanapite kudimba. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga, thumba la zida lili pamiyendo.

Ndinatsegula vidiyo, n'kuikokera pakati. Sinakane. Kwaya inaimirira, amayi n'kutulukira kutsogolo atavala chitenje chawo cha mpingo. Anakonza duku, monga ankachitira nthawi zonse asanayambe, n'kupuma mozama. Nyimbo inatuluka yonse, yosalala, pakamwa ndi mawu zikuyendera limodzi. Anali amayi enieni, ndi kamutu kawo kopendekera kumanzere pa liwu lokwera.

Mzere wawo utatha, panafika poti amuna avomere. Ndinamva besi kawiri, ina kuchokera m'kompyuta, ina pambali panga. Poyamba inali yosasa, ya mmero umene wakhala zaka ziwiri wotseka, koma inalowa pa nthawi yake ndendende. Sindinacheuke, kuopa kuti angasiye. Amayi ankayambitsa, ababa n'kumavomera, ndime ndi ndime, mpaka nyimbo inatha.

Anapukuta kumaso ndi chikhatho chakuda ndi dzimbiri.

"Imeneyi ukaonetse," anatero. "Koma uyambe waibwezera kaye, tiimvenso."