Amayi anga m'sewero la amalume

Dzulo mwana wanga anabwera ndi kapepala ka mawu a sewero la kusukulu. Pomwepo ndinakumbukira holo ya tchalitchi chathu ku Kawale, yonunkha fumbi ndi thukuta.

Amalume ndiwo ankalemba masewero. Ulendo wina anasankha amayi kuti akhale mayi wake wa Tamanda, mtsikana woyandikana nafe nyumba. Tsiku la sewerolo ndinaona amayi akumuluka tsitsi, akumutchula kuti "kangelo kanga". Mtima unandiwawa, ndinkayesa andisinthanitsa.

"Iwe Tamanda, chokapo! Amayi ako ali kumsika!" ndinakuwa.

Anthu anafa nako kuseka. Sabata yonse sindinamulankhule Tamandayo.

Ndazindikira nditakula kuti mawu onsewo amalume anawatola pakhonde pathu, amayi akundiluka ine.